Iwe kapena inu

Mnyamata wa kabaza anaujambula kanayi uthenga wakewo. Ndikudziwa chifukwa ndinali naye benchi imodzi, pakhonde la kashopu kotchajira mafoni m'mbali mwa msewu wa M1 kuno kwa Kaomba, ndikudikira kuti yanga ilowe moto. Unali mwezi wa Juni, kamphepo kakunyamula fumbi, malole a mabelo akudutsa mondondozana kulowera ku okushoni ya ku Chinkhoma. Nyengo imeneyi ndalama imayenda ku Kasungu, ndipo ndalama ikamayenda nkhani za zibwenzi ndi maukwati nazo zimadzuka.

Anatsamiritsa njinga yake pamtengo, n'kutembenukira kukhoma, foni pakamwa. "Baby, I am sorry. I miss you so much." Anamvetsera, n'kufufuta. Anayambiranso. Ulendo wachitatu anawonjezerapo "I love you". Ulendo wachinayi anawatchula mawuwo mothamanga, ngati munthu wodumpha ngalande yodzaza madzi, n'kutumiza pompo asanasinthe maganizo. Kenaka anakhala pansi, n'kupuma mpweya wautali.

Pansi pa mtengo wa mango akuluakulu awiri ankasewera bawo. Mmodzi, wa chipewa chaubweya, anafunsa maso ali pa nkhomo zake.

"Mdzukulu, mtsikanayo ndi mzungu?"

"Ayi agogo, ndi wa konkuno, kuseri kwa phiriku."

"Amayi ake amalankhula chiyani?"

"Chichewa."

"Nanga amayi ako?"

"Chichewa chomwecho."

"Ndiye Chingerezicho ukulankhulira ndani?"

Anthu amene anali pafupi anaseka, ngakhale mwini kashopu. Mnyamatayo sanakwiye. Anapukuta galasi la foni pa malaya ake, n'kuyankha mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati munthu amene nkhaniyo anali ataiganizira kale ali pa chishalo.

"Agogo, Chichewa chimalemera. Ndikati ndinene m'Chichewa, kukhosi kumauma. Chinanso, ndimutchule chiyani, iwe kapena inu? Ndamulakwira. Ndikati iwe, aziti ndikumuderera, sindikumva kulakwa kwanga. Ndikati inu, aziti ndamutaya, ndayamba kumuyesa mlendo. Chingerezi sichisankha. Ndi you basi."

Ndinasiya kuyang'ana malole. Zimene ananenazi n'zoona, ndipo aliyense amene anafunsirapo mbeta m'chilankhulo chathu amazidziwa m'thupi mwake ngakhale sanazinenepo. M'Chichewa sungatsegule pakamwa kwa munthu usanaulule kuti waima naye pati. Liwu lililonse limanyamula mtunda umene uli pakati panu. Mnyamata amayamba ndi "Muli bwanji achemwali?", amayenda miyezi ali pa inu, ndipo tsiku limene mtsikana wamuti "Iwe, unali kuti dzulo?" amapita kwawo akuimba mluzu, chifukwa wadziwa kuti mpanda wagwa. Palibe amene watchula chikondi, koma nkhani yonse yatha m'kachilembo kamodzi. Ndiponso m'nyumba mukabuka mkangano, mkazi amene amakuti iwe akangokulandira ndi "Mwabwera?" wowuma, umadziwa kuti lero nsima idyedwa mwakachetechete. Ndipo kuli maanja ambiri, makamaka kumidzi, amene akhala zaka makumi anayi ali pa inu, inu wofunda, inu wa anthu amene analera ana ndi kuika maliro limodzi. Choncho funso la mnyamata uja silinali laling'ono. Iye anathawira ku chilankhulo chimene sichikanamukakamiza kuulula pamene waima, pa nthawi imene iye mwini sankadziwa pamene waima.

Mkulu wa chipewa anagona ndi nkhomo zake m'dzenje lopanda kanthu, n'kuwongola msana. Tsopano anamuyang'ana mnyamatayo kumaso.

"Ine ndinapita ku Joni ndi Wenela ndili ngati iweyo. Ndinasiya agogo ako ali ndi mwana wakhanda. Kumgodi tinkalankhula Chifanakalo. Chimenecho n'chilankhulo cha bwera, nyamula, fulumira, thawa mwala ukugwa. Ndinachidziwa bwino, koma sindinamvepo munthu akunena nacho kuti wapukwa kwawo. Tikafuna kunena zimenezo tinkadikira usiku ku komponi, tokhatokha a kwathu."

Anapitiriza kuti kalata ankamulembera mnzake amene anafika Sitandade 6, ndipo kumudzi ankaiwerenga mphunzitsi, apongozi ali pomwepo, alamu ali pomwepo. "Ndiye ukanalembamo chiyani? Ndinkafunsa ngati denga likudontha. Ndinkafunsa ngati mwana wayamba kukwawa. Ndinkati bulangete ndatumizalo mufunde inuyo, musapatse munthu. Iwo ankamva."

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku Joni. Mkuluyu anati mbiri ya ngoziyo inafika kumudzi kalata yake isanafike, ndipo kwa masabata angapo mkazi wake sankadziwa ngati ali ndi mwamuna kapena ndi wamasiye. Atabwerera, anamulandira katundu, n'kumupatsa madzi akumwa atagwada, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Anangoti, mwaonda. Basi. Mwaonda, bambo a mwana. Mpaka lero ndikatseka maso ndimawamva mawu amenewo. Iwe ndi ma I love you akowo, alipo amene adzawakumbukire patapita zaka makumi asanu?"

Mnzake wa bawo anavomera ndi mutu, n'kuponyapo mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mawu a pafoni, anatero, ali ngati fodya wa pachala.

Ndikanakhala kuti ndinachoka nthawi imeneyo, bwenzi nditalemba nkhani ina, yoyamikira akuluakulu ndi kudandaula za ana a masiku ano. Mtima wanga unali utapendekera kale kumeneko, chifukwa nanenso ndinakulira m'nyumba yotero. Bambo anga sindinawamvepo akutchula dzina la mayi. Ankawaitana ndi mfunda wawo, monga amuna ambiri a kuno amene amati a Naphiri, a Nabanda, ndipo m'kaitanidwe komweko tinkadziwa ngati kunja kwacha bwino. Akabwera kuchokera kogulitsa fodya, chitenje chinkatuluka m'thumba chisanatuluke china chilichonse. Chikondi cha makolo athu chinali ndi njira zake: chikole chimene mnyamata ankapereka, ankhoswe amene ankanyamula mawu olemera kuti eni ake asawanyamule okha, nkhuku yophera mkamwini, mikanda imene alangizi ankaphunzitsa namwali tanthauzo lake, dengu la ufa lopita kwa apongozi. Munthu sankafunika kunena ndi pakamwa zimene mudzi wonse unkamuthandiza kunena ndi manja.

Koma pafupi nafe panali mayi wina wokazinga zitumbuwa, amene nthawi yonseyi ankangotembenuza mafuta osalankhula. Anatsitsa chiwaya pamoto, n'kupukuta manja pachitenje.

"Agogo, mundikhululukire, ndilankhuleko. Mawu amene mukuti sankafunika aja, agogo aakazi ankawafuna. Sanakuuzeni chabe, chifukwa ifenso tinalangizidwa kuti mkazi sapempha zoterozo. Bulangete ndi labwino, koma bulangete amatumizanso munthu amene ali ndi mkazi wina ku Joni. Chitenje amagulanso mwamuna amene dzulo anakumenya. Mkazi amafuna amve ndi khutu lake. Musiyeni mwanayu anene, kaya m'Chizungu kaya m'chiyani. Bola akunena."

Mkulu uja anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayamba kutolera nkhomo zake imodziimodzi.

Mayiyu ananena chinthu chimene ife amuna sitikonda kumva. Si kukhala chete konse kumene kunali kuya kwa mtima. Kwina kunali kukhala chete chabe, kwina kunali mantha oopa kuoneka wofooka pamaso pa anzako, kuti angati wadyetsedwa khuzumule. Mwamuna amene ankaoneka akuyenda pambali pa mkazi wake, kapena kumunyamulira mtolo, ankasekedwa. Ndiye Chingerezi chitabwera ndi mawu ake atatu aja, chinapeza anthu amene anali ndi zambiri zoti anene koma alibe khomo lotulutsira. Mawu achilendo sanadutse m'kamwa mwa amalume ako kapena abusa a kumpingo kwanu, choncho alibe manyazi. Ukawatchula, umamva ngati wavala jekete lobwereka: ukhoza kuyenda nalo monyada podziwa kuti ukalivula ukhalabe iwe wakale.

Ndipo jekete limeneli tinalitenga kusukulu. Ambiri a ife kalata yoyamba yachikondi tinailemba m'Chingerezi, dikishonale ili pambali, tikusankha mawu ataliatali kuti mtsikana aone kuti tikupita patali ndi maphunziro. M'masukulu ambiri kulankhula chilankhulo cha kwanu m'kalasi kunali mlandu wokasesa kapena kukumba dzenje. Mwana amaphunzira msanga kuti chilankhulo cha zinthu zapamwamba ndi chiti, ndipo akafuna kupereka kwa wokondedwa wake chinthu chapamwamba, amatenga chomwecho. Kale kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana ankaphunzira m'Chichewa, Chingerezi n'kutenga malo kuyambira Sitandade 5. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti ziyambire Sitandade 1. Onjezanipo mafilimu a ku Nigeria a m'mavidiyo sho, nyimbo za pawayilesi zimene zimasakaniza zilankhulo mzere umodzi, zovala zofiira za pa 14 Febuluwale, ndi mauthenga okonzakonza amene anthu amangotumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mnyamata wa kabaza sanachite kusankha Chingerezi tsiku limenelo. Anachipeza chili chikonzere m'kamwa mwake.

Kuno ku Kasungu nkhaniyi ili ndi msana wautali. Mwana wa boma lino, Hastings Kamuzu Banda, atabwerera pa 6 Julaye 1958 patapita zaka pafupifupi makumi anayi ali kunja, ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, womasulira ali pambali. Anthu ankamvera mtsogoleri wawo akunena za kukonda mbumba yake kudzera m'kamwa mwa munthu wina, John Msonthi kapena John Tembo. Yemweyo ndi amene mu 1968 anakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko, ndipo yemweyonso ndi amene mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kum'mawa kwa boma lino, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, zonse m'Chingerezi, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anaphunzirirapo ali mwana. Tinakula tikuuzidwa kuti tinyadire Chichewa, maso athu akuona kuti ulemerero uli ku Chingerezi. N'zosadabwitsa kuti mitima yathu nayo inagawikana momwemo.

Akatswiri a zilankhulo kunja anaifufuzapo nkhani imeneyi. Mu 2008 Jean-Marc Dewaele, wa ku Birkbeck mu mzinda wa London, anafalitsa zimene anapeza atafunsa anthu 1,459 olankhula zilankhulo zingapo kuti mawu oti "I love you" amawalemera kwambiri m'chilankhulo chiti. Pafupifupi theka anati m'chilankhulo chimene anayamwira, koma pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anati m'chilankhulo chimene anachiphunzira pambuyo pake. Zisanachitike izi, mu 2003, Catherine Harris wa ku Boston University ndi anzake anayeza thukuta la m'zala za anthu a ku Turkey amene anaphunzira Chingerezi atakula. Anapeza kuti mawu odzudzula amene mwana amamva kwa makolo ankagwedeza thupi kwambiri akanenedwa m'chilankhulo cha kwawo kusiyana ndi m'Chingerezi. Thupi limakumbukira chilankhulo chimene linakalipiridwa nacho ndi kutonthozedwa nacho. Mnyamata uja atati kukhosi kumauma, ankanena zomwezo popanda makina.

Yesani nokha. "Sorry" timamutaya paliponse, m'minibasi tikaponda munthu, pamsika tikagunda dengu. Koma kuima pamaso pa munthu n'kunena kuti "Ndalakwa, undikhululukire" kumafuna maondo. "I miss you" amalembedwa kwa anthu atatu usiku umodzi popanda chala kunjenjemera. "Ndakusowa" ali ndi kulemera kwake, koma "ndakupukwa" ndi liwu lina ndithu, liwu la mwana amene amayi ake achedwa kumunda dzuwa likulowa, liwu limene limaulula kuti wachepa, kuti popanda mnzakoyo sukukwanira. Anthu ambiri a msinkhu wa mnyamata uja sanalitchulepo kwa munthu wamoyo. Ndimadandaula nazo, osati chifukwa Chingerezi n'choipa, koma chifukwa liwu limene silitchulidwa limafota, ndipo tsiku limene munthu adzalifune, pa chipatala kapena pa manda, adzapeza lilime lake silikulidziwanso.

Mwini kashopu anandiuza kuti foni yanga yadzaza, koma ndinapempha kuti ikhale kaye. Mayi wa zitumbuwa anali asanamalize.

Mnzake wa bawo uja ndi amene anamuputa. "Mayi, mukuikira kumbuyo Chizungu chonchi, bambo akunyumba amakuuzani m'Chizungu?"

Mayiyo anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunafike m'maso.

"Ine Chizungu changa ndi Chichewa chomwechi, bambo. Kwathu ndi kumpoto uku, cha ku Nkhamenya. Ndinabadwira m'Chitumbuka. Ndinabwera kuno ndi ukwati, zaka zapitirira makumi awiri."

Palibe amene akanadziwa. Chichewa chake chinali chosalala ngati cha munthu wobadwira pansi pa phiri la Kasungu.

"Amuna anga anandifunsira m'Chichewa, ndinawalola m'Chichewa. Sizinandivute, mwina n'chifukwa chake ndinalola msanga. Kukangana timakangana m'Chichewa, ndipo ndimatha kuwanena mawu owawa amene sindingathe kuwatchula m'chilankhulo cha kwathu, chifukwa m'Chichewa sandiwotcha pakamwa. Koma amayi anga atamwalira, uthenga unandipeza pompano ndikukazinga. Ndinagwa pansi ndikulira, amama ŵane, amama ŵane. Amuna anga anabwera akuthamanga, anandigwira, akuti pepa, pepa, limba mtima. Ndinkawamva, koma mawuwo ankangofika pakhungu. Ndinkalakalaka munthu mmodzi yekha woti andiuze phepani monga amanenera kukaya."

Pakhonde panakhala zii. Lole ina inadutsa, fungo la fodya wa bale n'kutsalira m'mphepo.

Nthawi yonseyi tinkakambirana ngati kuti chilankhulo chachiwiri ndi Chingerezi chokha, ngati kuti aliyense pa benchi paja Chichewa ndi chake chobadwa nacho. Koma Kasungu ndi malire. Ukangopitirira kumpoto, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, Chitumbuka chimayamba kumveka m'misika ndi m'matchalitchi. Ndiponso fodya anasonkhanitsa anthu kuno. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene maesiteti ankafutukuka m'zigwa zino, malole ankabweretsa matenanti kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi, mabanja a Alomwe ndi Ayao amene kwawo malo olima anachepa. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, ndipo ntchito ya utenanti inathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma anthu ambiri sanabwerere. Ana awo anakulira m'zigafa, akusoka fodya ndi kusankha magiredi pamodzi ndi ana a eni dera, anakondana, anakwatirana. Pafupifupi maukwati onsewo anamangidwa m'Chichewa, chifukwa ndicho chinali pakati. M'nyumba zambiri za kuno muli munthu mmodzi amene amakonda, kupepesa ndi kulera ana m'chilankhulo chimene sanayamwire, ndipo mnzake wogona naye mphasa imodzi sanaganizepo kuti pali mtolo umene akumusenzera.

Ife amene Chichewa n'chathu sitiuona mtolo umenewu, chifukwa dziko linatipeputsira. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968 utasankha Chichewa, Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ya MBC ndi m'masukulu, ndipo chinabwereranso pa wayilesi mu 1994, boma litasintha. Kwa zaka 26 mwana wa ku Nkhamenya ankatsegula wayilesi osamva chilankhulo cha amayi ake. Anaphunzira chathu chifukwa panalibe kuchitira mwina. Ife sitinaphunzire chake chifukwa panalibe chotikakamiza. Ndipo zimenezi zinalowa mpaka kuchipinda. Ndimadziwa amuna amene anapereka malowolo kumpoto, anaphunzira mayina a ng'ombe zonse zimene anapereka, koma sangathe kupereka moni kwa apongozi awo kupitirira monire ndi yewo.

Mnyamata wa kabaza, amene tsopano anali ataiwala foni yake, anafunsa chimene tonse tinkafuna kufunsa.

"Amayi, nanga abambowo sanaphunzireko ngakhale pang'ono?"

"Amamva. Akamva ndikulankhula ndi achemwali anga pafoni amadziwa ngati tikuwanena." Apa anaseka zenizeni. Kenaka anatsitsa mawu. "Kamodzi kokha. Ndinadwala kwambiri pa mwana wachitatu, ndinagonekedwa masiku ambiri, anthu anayamba kutaya mtima. Usiku wina anabwera pambali pa bedi, akuganiza kuti ndagona. Anandigwira phazi, osati dzanja, phazi. Ndiye anati, nkhumutemwani. Analitchula mokhota, ngati munthu wotafuna chimanga chokazinga. Sindikudziwa anakafunsa kwa ndani. Sindinatsegule maso, ndinaopa kuti achita manyazi. Mpaka lero sadziwa kuti ndinamva, ndipo sanabwerezenso."

Anabwezera chiwaya pamoto. Mafuta anayamba kulira.

Mkulu wa chipewa anakhala nthawi akuyang'ana pansi. Kenaka anati, osayang'ana munthu aliyense, agogo aakazi aja anatisiya zaka zitatu zapitazo. Anati pa tsiku lomaliza anakhala nawo pamphasa kuyambira m'mawa, ndipo ankawafunsa ngati akufuna phala, ngati awatembenuze, ngati atseke zenera. "Ndinkafuna kunena kanthu kena. Kanafika apa," analoza pakhosi, "koma sindinakazolowere. Ndinangowafunsa za phala."

Palibe amene anamuyankha, ndipo ndikuganiza kuti sankafuna yankho. Mnzake anayamba kubwezera nkhomo m'maenje, ziwiriziwiri, kukonzekera masewera ena.

Bambo amene anagwira phazi la mkazi wake usiku uja anachita chosiyana ndi chimene mnyamata wa kabaza anachita, ngakhale onse awiri analankhula chilankhulo chimene si chawo. Mnyamata anapita ku chilankhulo chimene chikanamupeputsira iye mwini. Bambo uja anapita ku chilankhulo chimene chikanalemera kwa womvayo, ngakhale kuti iye chinamupunthwitsa lilime. Sindikumuweruza mnyamatayo. Pa msinkhu wake kupepesa kwa mtundu uliwonse n'kulimba mtima, ndipo mayi uja ananena zoona kuti bola akunena. Koma ndinaona pamenepo kuti funso la mkulu wa chipewa, loti ukulankhulira ndani, linali lakuya kuposa mmene iye mwini analifunsira.

Foni ya mnyamatayo inalira. Anaiyang'ana, n'kutiyang'ana ife, n'kufuna kupita kuseri kwa kashopu. Koma chala chinali chitadina kale, ndipo mawu a mtsikana anamveka pakhonde ponse, omveka bwino, osathamanga.

"Za sorry zakozo ndazimva. Koma sunanene chimene unalakwa. Iwe, ubwere madzulo udzanene pamaso panga. Ndipo amalume abwera kuchokera ku Santhe, akuti akufuna akuone."

Mwini kashopu anaomba m'manja. Mayi wa zitumbuwa anapukusa mutu akumwetulira. Mnyamatayo anaumvetseranso uthengawo, ulendo uno foni ili pakhutu, ndipo nkhope yake inali pakati pa mantha ndi chimwemwe.

"Wati iwe," anatero, ngati akudziuza yekha. Kenaka anatembenukira kwa mkulu uja. "Agogo, kwa amalumewo ndikayambe bwanji?"

Mkuluyo anasuntha pa benchi yake, n'kumupatsa malo. Anayamba kumuuza kuti asakapite yekha, akatenge mkulu wa kwawo; kuti akafika akavule chipewa asanalowe pabwalo, akakhale pansi osati pampando ngakhale amupatse, asakayambe kulankhula asanafunsidwe, ndipo foni akaizimitse. Mnyamatayo ankangoti inde agogo, inde agogo. Munthu wina anabwera ndi thumba la chimanga kufuna kabaza wopita kuchigayo, ndipo iye anamulozera kwa mnzake.

Ndinalipira, n'kutenga foni yanga. Ndikudutsa pa chiwaya paja ndinagula zitumbuwa zitatu, ndipo mayiyo akundikulungira m'pepala, kafoni kake kamabatani kanalira m'chitenje. Anayang'ana dzina, nkhope yonse n'kumasuka. Anakapanikiza pakati pa phewa ndi khutu, dzanja lina likundipatsa chenje, ndipo mawu amene anatuluka anali okwera, othamanga, a munthu wina amene sitinamuone masana onse aja.

"Monire, adumbu! Muli uli kukaya?"